Che Neba, Munthu Wobaya Tulo

Nditabereka mwana wanga woyamba, apongozi anga anabwera kuchokera ku Liwonde kudzandithandiza. Tinkakhala ku Silver Spring, ku America, m'nyumba yosanjikizana, ndipo pamene ankafika kunja kunali kukuzizirabe. Amuna anga ankalawirira m'mawa kukakwera sitima yopita kuntchito ku Washington, ine ndi apongozi n'kutsala ndi khanda. Chizungu apongozi sankachidziwa. Ankayankhula Chiyao ndi Chichewa basi. Kumudzi anali ndi kalesitilanti pafupi ndi depoti ya basi kwa zaka zambiri, ndipo madalaivala ankachita kulimbirana nkhuku yawo. Zimenezi sankalola kuti munthu aziiwale.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la bambo wina wachikulire wa ku Guinea, wamtali, wowonda, wokonda mikanjo yoyera. Akazi awo anamwalira kalekale, ana awo anali kutali, ndiye ankangokhala ndi chimphaka chotuwa chonenepa. Asanabwere ku America anakhalitsa ku France akuyendetsa takisi, moti Chifalansa chawo chinali cha mumsewu, osati cha m'kalasi. Apongozi anawatcha Che Neba, ndipo tonse tinatengera pomwepo.

Che Neba Chizungu ankachiyankhula ndithu, ndipo poyamba tinkamvana bwinobwino. Zinthu zinasokonekera tsiku lina m'lifiti pamene ndinafuna kudzionetsera. Ine Chifalansa ndinachiphunzirako ku sekondale, fomu wani ndi fomu thuu, aphunzitsi ake asanawasamutse. Ndinawapatsa moni kuti, "Bonjour monsieur, comment allez-vous?" Bambowo anagwira pamtima ngati apeza mbale wawo amene anasowa pa nkhondo. Kuyambira tsiku limenelo sanandiyankhulenso Chizungu. Ndinayesa kuwauza kuti Chifalansa changa chimathera pa moni, masiku a sabata, ziwalo zina za thupi ndi nkhani ya udzudzu. Iwo anaseka n'kunena kuti ndine mwana wodzichepetsa.

Nkhani ya udzudzuyo inali phunziro lathu lomaliza ku sekondale. Pabolodi panali chithunzi cha udzudzu ndi cha namwino atanyamula jekeseni, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti onse awiriwo amachita piquer, amene amatchulidwa kuti pike. Pike ndi kubaya. Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino kwambiri, ndipo sindinkaganiza kuti angadzandivutitse.

Mwezi wa Ramadani utafika, amuna anga anakumana ndi Che Neba kumzikiti n'kuwaitana kuti adzadye nafe chakudya chomasulira kusala. Apongozi anakondwa. Anakazinga nkhuku yawo ija yotchuka, n'kuthiramo tsabola wa kambuzi amene anabwera naye wosinjasinja m'botolo. Dzuwa litalowa tinakhala pansi. Che Neba anatafuna nthuli yoyamba, n'kutsinzina, thukuta lili kamukamu pamphuno. Kenako anakweza chala m'mwamba n'kufuula kuti, "Ça pique, ah!"

Afalansa amalemba choncho. Koma m'khutu mwa munthu wa ku Liwonde zinamveka bwinobwino kuti, "Saphika."

Apongozi anaika supuni pansi pang'onopang'ono.

"Amayi," ndinatero ine, "musa..."

"Musandimasulire, amake mwana, ndamva ndekha. Bambowa Chichewa amachidziwa, amangodzibisa."

"Si Chichewa chimenecho, amayi, ndi Chifalansa. Akuti sa pik. Pike ndi kubaya."

"Kubaya? Nkhuku yanga yawabaya? Ndasiyamo minga?"

"Ayi, akunena tsabola. Akuti akuwawa bwino."

"Ndiye asankhe chimodzi. Akuwawa kapena ali bwino?"

Pamene tinkakangana choncho, Che Neba anali akuwonjezera ntchafu ina m'mbale mwawo, misozi ili chuchuchu, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Amuna anga anapeza kuti mwana akufunika kusinthidwa thewera ndipo anatenga nthawi yaitali kuchipinda.

Apongozi anatsimikiza kuti munthu amene wawanyoza pamaso pa mpongozi wawo ayenera kubweza mawu ake. Tsiku lililonse madzulo ankaphika mbale yapadera ya Che Neba, ndipo tsiku lililonse tsabola ankawonjezereka. Wonyamula mbale ndinali ine. Ndinkawoloka kakhonde ka pakati pa makomo athu ndikuyetsemula, maso akuyabwa. M'mawa mwake Che Neba ankabweza mbale ili mbee, n'kuima pakhomo pathu, n'kupsompsona nsonga za zala zawo, n'kufuula mokweza kuti wophika amve yekha, "Maman! Ça pique, ah!"

Kukhitchini ndinkamva chivundikiro cha poto chikumenyedwa. "Anenanso."

Nkhondoyi inatha pa tsiku la Idi. Che Neba anabwera atavala mkanjo wopeta, atanyamula kabotolo ka tsabola wa kwawo, wofiira, wosakaniza ndi mafuta. Anawapatsa apongozi ndi manja awiri. Apongozi anaona kuti mwayi wapezeka wosonyeza kuti ku Liwonde sitiopa kanthu. Anatapa supuni yodzaza, n'kuika mkamwa popanda chakudya chilichonse. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo ikutuluka. Anagwira tebulo, n'kutsokomola, ndipo mpweya utabwerera analoza Che Neba ndi supuni ija.

"Saphika! Ameneyu ndiye saphika!"

Che Neba anawomba m'manja. "Bravo, Maman!" Anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti mayiwa Chifalansa achigwira msanga, ndipo katchulidwe kawo n'kabwino kuposa kanga. Apongozi anakhutira kuti amuuza munthuyo maso ndi maso. Che Neba anakhutira kuti apeza wophunzira. Kuyambira pamenepo anagwirizana.

Patapita milungu ingapo, masana ena ndikuyamwitsa mwana, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Nditatsegula ndinapeza Che Neba akupumira m'mwamba, chipewa chawo chitapendekeka.

"Ma fille! En bas! On m'a piqué mon colis!"

Ndinamva en bas, kutanthauza pansi. Ndinamva pike. Koli uja sindinkamudziwa, koma ndinaganiza kuti ndi chiwalo china cha thupi chimene aphunzitsi athu anasamuka asanafikepo.

"Amayi! Che Neba awabaya pansipa!"

Sindinkadziwa kuti apongozi ali ndi liwiro lotero. Anawakokera bambowo m'nyumba, n'kuwakhazika pansi, n'kung'amba chitenje chawo chatsopano ndi mano kuti amange bala. Kenako anayamba kufufuza balalo. Anakweza mkono uwu, anakweza uwo, n'kuwatembenuza ngati chambo cha pamoto. Magazi osaoneka. Atagwira m'munsi mwa mkanjo kuti aukweze, Che Neba anaugwira ndi manja awiri n'kuyamba kukuwa. Ine n'kuti foni ili m'manja, ndikufuna kuitana ambulansi, mwana naye akulira.

Pamenepo Che Neba anakumbukira Chizungu chawo. Anafotokoza mwachangu, mawu akugundana, kuti palibe wawabaya, apongozi asiye mkanjowo. Anaitanitsa nsapato pa intaneti, foni inawauza kuti katundu wafika, koma atatsikira pansi pomwe amasiya makalata sanapeze kanthu. Koli ndi phukusi. Ndipo pike, pa Chifalansa cha mumsewu, ndi kuba.

Ndinawamasulira apongozi. Anakhala pampando, chitenje chong'ambika chili pamiyendo, n'kulingalira.

"Ndiye kuti kwawoko kubaya ndi kuba ndi mawu amodzi?"

"Zikuoneka choncho, amayi."

"Nanga kwathu si chimodzimodzi? Kubaya, mukachotsa ya, chatsala n'chiyani?"

Kuyambira tsikulo apongozi ankakhulupirira kuti Chifalansa ndi Chichewa chomwe, kungoti eni ake ndi aulesi, satha kumaliza mawu. Nsapato zija zinapezeka madzulo. Wobweretsa katundu anazisiya pakhomo la mayi wina wa nsanjika yapansi.

Kutayamba kufunda, awiriwa ankakhala pabenchi ya panja masana, mwana ali m'kangolo kake pakati pawo. Apongozi ankayankhula Chiyao, Che Neba Chifalansa, ndipo ankaseka nthawi imodzi ngati akumvana. Zikavuta ankandiitana pawindo kuti nditsike. Tsiku lina ndili pomwepo Che Neba anayasamula, n'kudzuka, n'kunena kuti, "Bon, je vais piquer un somme."

Tsopano ndinali nditachenjera. Ndinawafunsa kuti akukabaya chiyani kapena akukaba chiyani. Iwo anaphatikiza manja, n'kutsamiritsa tsaya, n'kuliza mkonono.

"Akuti akukabaya tulo," ndinawauza apongozi.

"Kubaya kokha?" Apongozi anapukusa mutu mwachisoni. "Ife tulo timapha. Anthu awa ndi amantha."

Mawuwa analowa m'nyumba mwathu osagogoda. Amuna anga akabwera kuntchito n'kufunsa kuti amayi ali kuti, ndinkayankha kuti akubaya tulo. Tsiku limene basi inawasiya Che Neba akuithamangira, anatifotokozera kuti anachita piquer une colère, ndiye kuti anapsa mtima koopsa. Kuyambira pamenepo mwana akalira mpaka kufiira, apongozi ankandiitana kuti, "Amake mwana, fulumirani, wabaya mkwiyo kuno." Mlendo wina wa ku Lusaka amene amagwira ntchito ndi amuna anga anatimva tikuyankhula choncho, n'kufunsa ngati chimenecho ndi Chichewa chozama cha ku Malawi. Apongozi anati inde.

Kumbuyo kwa nyumba yathu kunali dziwe losambiramo, limene ankalitsegula nyengo yotentha yokha. Loweruka lina kunja kukuwotcha, tinasiya chitseko chotsegula kuti mphepo izidutsa. Che Neba anatuluka m'nyumba mwawo atanyamula chikwama chakuda, akuyenda mwachangu, n'kutikwezera dzanja.

"Je vais piquer une tête!"

Tête ndinkamudziwa. Anali woyamba pa ziwalo za thupi zimene tinaloweza.

"Akuti chiyani?" anafunsa apongozi.

"Akuti akukabaya mutu."

"Mutu wa ndani?"

"Sananene. Mwinanso akuti akukaba mutu."

Apongozi anasiya kusenda anyezi. Anatsitsa mawu ngakhale kuti tinali awiri. "Ine ndinkadabwa kale. Munthu sagwira ntchito, koma mikanjo yatsopano, nsapato za pa foni, mphaka wonenepa chonchija. Ndipo chikwama chija mwachiona?"

"Amayi, amalandira penshoni."

"Onse amatero."

Anandikoka dzanja mpaka pakhonde la kumbuyo, pamene timaona bwalo lonse. Tinabisala kuseri kwa zovala zoyanika. Patapita kanthawi Che Neba anatulukira pansi, n'kulowa pageti la dziwe lija. Anatsegula chikwama n'kutulutsamo thaulo. Kenako anavula mkanjo. Mkati anavala kabudula wofika m'mawondo wokhala ndi zithunzi za zinanazi, ndipo miyendo yawo inali ngati bango. Anaima m'mphepete mwa madzi, n'kutambasula manja kutsogolo, n'kudziponya chamutu. Phokoso lake linali ngati chitseko chagwera mumtsinje. Madzi anathovukira pa azimayi amene ankawothera dzuwa, ndipo woyang'anira dziwe analiza wezulo chifukwa pamenepo n'poletsedwa kudumphira.

Apongozi anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka, kenako chinawapitirira mpaka anakhala pansi pakhondepo. "Mutu wawo womwe!" ankatero akupukuta misozi ndi thewera loyanika. "Abaya madzi ndi mutu wawo womwe!" Che Neba atavuuka anatiwona n'kutibayibitsa, ndipo apongozi anawabayibitsa ndi manja awiri ngati munthu amene sanaganizepo choipa chilichonse.

Chakumapeto kwa nyengo yotentha mphaka uja anayamba kudwala. Anasiya kudya, anawonda, ankangogona pansi pa mpando. M'mawa wina Che Neba anagogoda mwakachetechete. Ananyamula kadengu kotsekera, mphaka ali mkati.

"Je dois le faire piquer," anatero motsitsa.

Mtima wanga unakhala pansi. Apa panalibe tulo, panalibe mutu, panalibe phukusi. Panali wodwala, ndipo ndinakumbukira namwino wa pabolodi uja ndi jekeseni wake. Kwa nthawi yoyamba mawuwa anali kutanthauza zimene ndinaphunzira kusukulu.

"Akupita naye kwa dokotala wa ziweto kukamubayitsa jekeseni," ndinawauza apongozi.

"Dziko lino! Mphaka jekeseni!" Koma anagwedeza mutu movomereza. "Auzeni kuti achita bwino. Akanachita kalekale."

Ndinasonkhanitsa Chifalansa changa chonse. "Très bien, monsieur! Bravo!" Apongozi anawombera m'manja, n'kukweza chala chachikulu ngati mmene anaonera ana a kuno akuchitira. Che Neba anatiyang'ana nthawi yaitali, woyamba ine, kenako apongozi. Anatembenuka n'kukalowa m'lifiti.

Apongozi anali ndi usipa wochepa wotsala pa umene anabwera nawo, ndipo ankausunga ngati mankhwala. Tsiku limenelo anatapako n'kuviika m'madzi kuti ufewe, akuti wodwala akabwera kuchipatala amafuna chakudya chokoma.

Che Neba anabwerera masana, kadengu kali kopanda kanthu. Ndinawafunsa ngati mphakayo amugoneka m'chipatala. Iwo anandiyankha m'Chizungu, pang'onopang'ono, kuti ndisaphonye. Anati mphakayo anali atakalamba kwambiri, impso zinali zitasiya kugwira ntchito, ndipo faire piquer ndi jekeseni amene chiweto sichidzukanso. Anatsegula chitseko chawo n'kulowa.

Ndinaima pakhondepo ndikukumbukira bravo wanga uja. Ndinabwerera m'nyumba n'kuwauza apongozi. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka atamanga chitenje chakale ndi mpango kumutu.

"Tengani mwana, tiyeni."

"Amayi, koma ndi mphaka."

"Ine sindikukalira mphaka. Ndikukakhala ndi munthu."

Tinagogoda. Apongozi anavula nsapato pakhomo, n'kudutsa mipando yonse, n'kukakhala pansi motsamira khoma, miyendo atatambasula, ngati mmene timakhalira pasiwa. Ine ndinakhala pambali pawo. Che Neba anatiyang'ana modabwa, kenako nawonso anatsika pampando n'kukhala pansi. Ndinapepesa m'Chizungu za m'mawa zija. Iwo anakupiza dzanja n'kunena kuti ali m'basi anazindikira okha kuti sindinamve, ndipo anaseka pang'ono mphaka ali pamiyendo, anthu n'kumawayang'ana. Atanena zimenezo analira. Tinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka. Apongozi anawoloka kukaphika usipa uja ndi tomato, ndipo Che Neba anadya wonse osafunsa kuti unali wa ndani.

M'mawa mwake ang'ono awo a apongozi anaimba foni kuchokera ku Liwonde. Apongozi ankakonda kuika foni pokweza mawu, choncho ndinamva zonse.

"Dzulo ndinaimba osayankha. Kwagwanji?"

"Tinali pa zovuta kwa aneba athu."

"Ayi! Watisiya ndani?"

Apongozi anandiyang'ana. Ndinaona kuti akuganiza za Liwonde yense akumva kuti mayi wa lesitilanti uja anakwera ndege kukakhala maliro a mphaka.

"Amene ankakhala nawo m'nyumba," anatero.

"Amadwala?"

"Ukalamba. Anangosiya kudya."

"Kuchipatala anapita nawo?"

"Anathera komweko."

Sanawanamize ngakhale kamodzi. Koma pofika masana mauthenga a mawu anayamba kulowa pafoni. Ang'ono awo aja anali atauza azimayi a kumzikiti, a kumsika ndi a pamzere wa malesitilanti kuti bambo amene amasunga bwino achemwali awo ku America aferedwa. Aliyense anatumiza chipepeso chake, ena m'Chiyao, ena m'Chichewa, wina mpaka mawu kunjenjemera. Apongozi anati mauthenga a eni ake sitingawabise. Tinawoloka n'kukawaseweretsa pamaso pa Che Neba, ine ndikumasulira uliwonse kuti courage, limbani mtima, chifukwa mawu ena ndinalibe.

Che Neba anamvetsera atagwira pamtima. Anati kwawo ku Guinea akanamva kuti akulira mphaka akanawaseka mpaka chaka chamawa, koma Amalawi ndi anthu a mtima wina. Ndinati zikomo m'malo mwa dziko lonse.

Tili pomwepo foni inaliranso. Anali ang'ono awo aja.

"Achemwali, kuno anthu akufunsa. Malemuwo asiya ana angati?"

Apongozi anatseka foni ndi chikhatho. "Afunseni," anandinong'oneza.

Ndinawafunsa m'Chizungu ngati mphakayo anaberekako. Che Neba anamwetulira koyamba chichokereni kwa dokotala. Anati asanasamukire kuno ankakhala ku Hyattsville, m'chipinda chapansi, ndipo masiku amenewo mphakayo anali asanafulidwe. Ankatulukira pawindo n'kusowa sabata yathunthu. Mpaka lero, anatero, ukayenda m'misewu ya kumeneko umakumana ndi timphaka totuwa ta nkhope yake.

Apongozi anachotsa chikhatho pafoni.

"Akuti ndi ambirimbiri. Amayi osiyanasiyana, tauni yonse."

"Ndiye abwera kumaliro?"

"Ngakhale mmodzi."

Kumbali inayo kunamveka kuusa moyo kwautali, kenako mawu a ang'ono awo akuuza anthu amene anali nawo pafupi. Tinamva azimayi angapo akudandaula pamodzi.

"Amuna," anatero ang'ono awo pobwerera pafoni. "Kulikonse ndi chimodzimodzi."